Chala cha Bouzian

Allal anakana tiyi. Anayang'ana katambula kamene mlamu wake Tlaitmas anamuikira patsogolo, n'kukakankhira pambali ndi kuseri kwa dzanja. Kwathu kuno munthu sakana tiyi panyumba ya maliro, nanjinanji nyumba ya mkulu wake wa bere limodzi. Ife amayi amene tinali m'khonde tikupukuta mbale tinangoti zii, makutu onse ali kuchipinda.

Linali tsiku lachitatu chiikireni Bouzian, mkulu wake wa Allal, m'manda, tsiku la sadaka. Panyumba ya maliro moto suyatsidwa mpaka tsikuli litadutsa, ndiye kusikusi yense, chakudya chathu cha timibulu ta ufa wa tirigu, ankaphikidwa kwanga, poti nyumba yanga ndi yawo zinagundana khoma. Nkhosa inali itaphedwa m'mawa. Mikeka ndi makapeti obwereka zinali zitayalidwa pabwalo ndi padenga, kudikira amuna a padoko kuti madzulo adzadye ndi kumupempherera malemuyo.

"Alamu, ndatumidwa," anatero Allal, maso ali pansi. "Anthu a padoko akufuna kabokosi kaja. Kakaponyedwe m'nyanja lero, dzuwa lisanalowe. Kakapanda kuponyedwa, kuno sikubwera munthu."

 Tlaitmas anali atakhala pamatiresi pakona, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi monga amachitira mkazi wamasiye, manja atawasanjika pamiyendo. Amene anadzuka ndi mwana wake Louiza, ndipo ameneyo sameza mawu. Anafunsa Allal ngati dothi la pamanda a mkulu wake linali litauma kale, kuti afike ndi uthenga woterowo. Allal sanatukule mutu.

Kabokosi kamene ankanenako kanali kakuda, kakang'ono ngati sopo wochapira, kachingwe kakulendewera kumbali. M'menemo ndi mmene Bouzian ankasungamo zonse zimene anajambula ndi kamera yake. Doko lonse linkakaopa kabokosi kameneko.

Bouzian anali msodzi wa tinsomba ta sadini kuyambira ali mnyamata, boti limodzi ndi mng'ono wakeyu, mpaka msana unamukana. Atakhala pamtunda anayamba kuwonda ndi kusowa chochita. Louiza, amene anaphunzira ntchito yolumikiza mafilimu ku Tetouan, anamubweretsera kamera yakale kuti azitayirako nthawi. Ankaganiza kuti bambo ake azijambula maukwati ndi ana a achibale. Koma ayi, mkuluyo anatenga kamera n'kubwerera nayo kunyanja, kupempha malo m'maboti a anzake, ndipo kumeneko madolofini anamulowa mumtima.

Ine mwamuna wanga ndi msodzi, ndiye sindikunamizani. Dolofini mumamuona wokongola akamadumpha pa TV, koma kwa munthu wa sadini ndi mbala yoopsa. Amadikira anthu azinge nsomba bwinobwino, kenako amabwera ndi abale ake n'kung'amba ukonde, kudya zimene adye, zotsalazo n'kuthawira pachibowocho. Boti limabwerera lopanda kanthu, amuna n'kukhala padoko masiku akusoka. Ndalirapo nawo ine chifukwa cha nyama zimenezi. Bouzian zonsezi ankazidziwa kuposa ife, koma iye ankati nyamazi zimayamwitsa ana, zimaitanana, ndipo imodzi ikafa zinzake zimaikankhira pamwamba kuti ipume. Ankati nyanja yachepa nsomba chifukwa cha ife, ndiye njala yatikumanitsa pa ukonde umodzi. Padoko anamupatsa dzina loti Loya wa Madolofini, iye n'kumaseka nawo.

Kuseka kunatha nyengo yozizira ya chaka chadzana. Sadini zinasowa, maukonde ankang'ambidwa pafupifupi ulendo uliwonse, ndipo amuna anatopa. M'mawa wina anakusa gulu la madolofini ndi maboti, kuwalowetsa m'kagombe ka pansi pa phompho, n'kutseka pakhomo ndi ukonde wakale. Zotsatira zake anazichita ndi ngowe zokokera nsomba zikuluzikulu. Lamulo limaletsa zimenezo, ndipo aliyense ankadziwa kuti zithunzi zikafika kwa akuluakulu, maboti akhoza kumangidwa padoko. Ndiye ali mkati mwa ntchito yawoyo anangoona Bouzian akutsetsereka phompho ndi msana wake wodwalawo, kamera ili pamaso.

Kuyambira tsiku limenelo moni wake sankayankhidwa. Akalowa m'nyumba ya khofi, mipando yoyandikana naye inkatsala yopanda anthu. Kumzikiti Allal anasamukira mzere wina. Bouzian sanadandaule kwa wina aliyense, ankangopitiriza kujambula, tsopano ali pamiyala poti boti lomutenga linasowa. Anagwa pamsika sabata ino akusankha tomato, ndipo pofika naye kuchipatala anali atapita kale. Jeneza lake, chithatha chonyamulira maliro, amuna a padoko analinyamula ndithu, poti Msilamu satayidwa. Koma kunyamula jeneza ndi lamulo, pomwe kudya sadaka ya munthu kumafuna mtima.

Filimu imene ankapanga ndi mwana wake inatsala yosatha. Iye ankajambula n'kumatumiza zidutswa ku Tetouan, Louiza n'kumalumikiza, ndipo anthu ena oonetsa mafilimu ku Tangier anali atalonjeza kale kuti adzaionetsa. Chidutswa chimodzi chokha ndi chimene sanatumize, cha m'mawa wa m'kagombe uja. Ankati chimenecho adzabwera nacho yekha, adzakhale pambali pa mwana wake pochiona. Chinali m'kabokosimo, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Dzulo lake Louiza anatiseketsa tili pakati polira. Ankatiuza kuti bambo ake anali ndi diso labwino koma chala choipa. Ukamaonera zimene ajambula, nyanja ili mbee, kuwala kuli bwino, mwadzidzidzi chala chamanthu chija n'kubwera pagalasi, theka la chithunzi bii. Ankati wataya zidutswa zosawerengeka chifukwa cha chala chimenecho. Anawaphunzitsa kagwiridwe ka kamera mpaka kutopa, anawagulira ngakhale kachogwirira, koma chala osasintha. Akawakalipira pafoni, iwo ankangoseka n'kunena kuti boti limagwedezeka, mwanawe. Anamaliza nkhaniyo akuseka, kenako anabisa nkhope m'mpango wa amayi ake.

Tsopano Louiza yemweyo anaima pakati pa chipinda atakwiya.

"Asabwere, Azizi," anatero, poti ndi mmene ana amaitanira mng'ono wa bambo awo kuno. "Anawasala ali moyo, lero akufuna awasalenso ali m'manda? Kusikusiyo tikagawira osauka kumzikiti. Koma zimene Baba anajambula sizipita m'madzi."

Allal anayankha motsitsa mawu kuti iye si mdani wa nyumba ino. Anati m'kabokosimo muli nkhope za amuna okhala ndi ana, ndipo filimuyo ikaonetsedwa ku Tangier, mawa lake padoko pafika galimoto ya boma. Anati pamene Bouzian anali moyo anthu ankadziwa pomupeza, koma tsopano kabokosi kali m'manja mwa mtsikana wokhala m'tauni, amene sadya za m'nyanja muno. Mawu amenewo anamulasa Louiza. Anati ngati nkhope zawo zilimo, anaziikamo okha ndi ngowe zawo, ndipo iye angakonde dziko lonse liwaone.

Apa Tlaitmas anadzuka pang'onopang'ono, n'kumugwira mwana wake pamkono. Anatuluka naye kudzera m'khonde momwe tinali ife, mpaka kuchipinda chogona. Chitseko sanatseke, ndipo ine sindinanamizire kuti ndinatseka makutu.

Tlaitmas anauza Louiza kuti iyeyo mawa kapena mkuja akwera basi kubwerera ku Tetouan, koma mayi ake atsala m'nyumba muno miyezi ya zovala zoyera, ndipo akadzatuluka adzakumana ndi akazi a amuna omwewo pamsika ndi kunyumba yosambirako amayi. Koma anati si zimenezo zimene zikumuwawa kwambiri. Chimene sakanatha kupirira n'choti mikeka ija ikhale yopanda anthu madzulo, mwamuna wake apite opanda amuna omunenera amina, ngati munthu wobwera amene sanabadwire pano.

"Yemma, ndiye tiwaphe kawiri?" anafunsa Louiza, kuwaitana amayi ake m'chinenero chathu. "Zaka zawo zomaliza zonse zili m'menemo."

"Ndikudziwa, mwanangu. Usiku ankagona nako pansi pa pilo ngati mwana wodwala."

 Kenako tinamva chitseko cha kabati chikulira. Tlaitmas anapisa dzanja m'thumba la mkanjo wa mwamuna wake, jelaba ya bulauni, imene inali ikadali pachokolekera, n'kutulutsa kabokosiko. Anabwerera nako kuchipinda chochezera, Louiza akumutsatira ndi maso ofiira, n'kukaika patebulo pafupi ndi tiyi wozizira uja. Allal anatambasula dzanja, koma mlamu wake anaika chikhatho pamwamba pake.

"Mutenga, alamu. Koma chinthu cha mwamuna wanga sichituluka m'nyumba muno ndisanachione. Louiza, yatsa makina ako. Inunso mukhale pomwepo, tionere limodzi."

Allal anati iye safunika kuona, zimene zili m'menemo akuzidziwa. Tlaitmas anamuyankha kuti ngati akuzidziwa ndiye palibe chomuopsa. Anandikodola ine kuti ndilowe nditseke makatani, ndipo nditatseka sanandiuze kuti ndituluke, ndiye ndinakhala pafupi ndi chitseko. Louiza anaika kompyuta yake patebulo, n'kulumikiza kachingwe kaja. Allal anakhala chammbali, akuyang'ana khoma.

Chimene chinayamba kuoneka sichinali cha m'kagombe. Kunali m'bandakucha panyanja yabata, madzi otuwa, kenako msana wakuda wa dolofini unatumphuka, wina pambali pake, ndi kena kakang'ono kakutsatira. Zinkapuma mokweza, fuu, fuu, ngati munthu amene wakwera masitepe. Chithunzi chinali chili njo, chosagwedezeka, chopanda chala. Ndipo kuseri kwa kamera kunkamveka munthu akung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Tlaitmas anagwira pakamwa. Ndi mmene ankachitira mwamuna wake akamameta ndevu.

Louiza anafufuza mpaka anapeza cha tsiku lija. Anayang'ana amayi ake, iwo n'kugwedeza mutu kuti ayatse.

Sindifotokoza zonse. Kunali mphepo, mainjini akulira, ndipo pamwamba pa phokoso lonselo pankamveka kulira kwina kopyapyala ngati likhweru, kosalekeza. Madzi a m'kagombe anali atasintha mtundu. Amuna anali m'madzi mpaka m'chiuno, onse atavala majasi achikasu a pulasitiki, ngowe zikukwera ndi kutsika. Mwamuna wanga analipo tsiku limenelo, ndipo ndinayamba kumufunafuna pakati pa majasiwo. Mmodzi anatembenuka kuyang'ana kumtunda. Nkhope isanaoneke, chala chinabwera pagalasi, pakona yam'mwamba, n'kumuphimba mutu wonse. Pansi pa chalacho pankaoneka manja, ngowe, ndi nyama ikuphiriphitha.

Louiza anatsonya mwachizolowezi, misozi ili m'masaya. Munthu uja atayang'ananso pansi, chala chinachoka. Kamera inayenda kumanzere, kumene kunali boti, ndipo itangotsala pang'ono kufika pamene palembedwa dzina la botilo, chala chinabweranso, ulendo uno chakumunsi. Dzina litadutsa chinachoka. Wina anadzutsa mutu, chala. Awiri anatembenukira limodzi, chala chinagona chopingasa n'kuwaphimba onse. Nyama zokha ndi zimene zinkaoneka bwinobwino, diso lililonse, bala lililonse.

"Imitsa kaye," anatero Tlaitmas.

Louiza anaimitsa. Pagalasi panatsala mdima wofiirira wa chala, ndi jasi lachikasu lopanda mutu.

"Bambo ako asoka maukonde moyo wawo wonse, mumdima, boti likuvina. Iwe ukuganiza kuti sankadziwa pamene chala chawo chili?"

 Louiza anabweza chithunzicho m'mbuyo, kuonanso, kubwezanso. Kenako anatsegula zidutswa zina zakale, zimene anazikana kuti n'zowonongeka. Apa amuna akuponyera madolofini miyala ali m'boti, chala. Apo wina akuwaopseza ndi zophulitsa, chala. Koma paliponse pamene panali nyanja ndi nyama zokha, galasi linali loyera. Mtsikanayo anaika manja onse awiri pamutu. Anati wakhala akuwakalipira bambo ake nthawi yonseyi ngati mwana wa sukulu, iwo n'kumangoseka. Anati bwanji sananene. Mayi ake anati mwina ankadziwa kuti mwana wawo ndi waukali, akanawakakamiza kuchotsa chalacho.

Allal anali atasiya kuyang'ana khoma. Sindikudziwa kuti anatembenuka nthawi yanji. Anali atasendera kutsogolo, zigongono pamawondo, pakamwa pali pululu.

"Ine ndilimo," anatero ndi mawu osasa. "Ndinayang'ana m'galasimo maso ndi maso. Pitiriza, uona."

Louiza anapitiriza. Kamera inatsika pamiyala mpaka m'mphepete mwa madzi. Pafupi kwambiri panali munthu wamtali, atapereka msana, akulimbana ndi dolofini wamkulu, ndipo kamwana kake kankazungulira pomwepo kakugunda miyendo ya munthuyo ndi mphuno. Munthuyo anakweza ngowe, kenako ngati wamva kuti kumbuyo kuli wina, anayamba kutembenuka. Phewa linaoneka, khutu linaoneka, chala n'kufika.

Ulendo uno sichinachoke msanga. Chinakhala pomwepo. Kuseri kwa kamera kunkamveka kupuma kwa munthu amene akulira koma sakufuna kumveka. Kenako mawu a Bouzian, otsika kwambiri, ongodzilankhulira: "Mulungu, mukhululukireni. Ana ake ali ndi njala."

M'chipindamo munalibe woyang'ana mnzake. Allal anatulutsa kaphokoso kena kukhosi, n'kuluma chibakera chake.

Chithunzi chinasokonekera mwadzidzidzi. Kunaoneka thambo, miyala, nsapato za jombo, ndipo mawu a Bouzian anamveka pafupi akuti, gwira. China chake chinagwa pamiyala n'kulira ngati chitsulo. Kamera inadzukanso ikugwedezeka, ndipo pagalasi panalowa munthu wovala juzi yotuwa, wopanda jasi, akulowa m'madzi atapinda msana.

Tlaitmas anafuula dzina la mwamuna wake. Ndi kokhako kamene ndinamumva akukweza mawu masiku onse a malirowo. M'nyumba monsemo munalibe chithunzi cha Bouzian kupatula cha pachitupa, poti nthawi zonse iye ndi amene ankakhala kuseri kwa kamera. Tsopano uyu apa, wamoyo, madzi ali m'chifuwa, akukumbatira kamwana ka dolofini kaja. Kankapalapata, iye n'kumakalankhula ngati mmene munthu amatonthozera mbuzi. Anayenda nako mpaka paukonde wotseka pakhomo, anaupondereza pansi ndi phazi, n'kukakankhira kunja. Ngati kanapulumuka kopanda mayi, akudziwa ndi Mulungu. Kenako anatembenuka, ndevu zikuchucha madzi, milomo ili bii ndi kuzizira, n'kuyang'ana m'galasi. Palibe chala chimene chinabwera.

"Manja awiri, iwe," anatero akunjenjemera. "Kanikiza zigongono kunthiti. Ukugwedeza."

Ndipo chithunzicho chinakhazikikadi. Bouzian anamwetulira pang'ono, ngati munthu amene waona mwana akuyenda koyamba, n'kuyamba kubwerera kumtunda. Chidutswacho chinathera pomwepo.

Louiza anapukuta m'maso, kenako nzeru za ntchito yake zinamubwerera. Anafunsa kuti nanga ngati Baba anali m'madzi, kamera anagwira ndani.

"Ndine," anatero Allal.

Anafotokoza modukizadukiza, akuyang'ana manja ake. Anati mkulu wake anangomukankhira kamerayo pachifuwa, ndipo iye anataya ngowe kuti ailandire, osaganiza n'komwe, monga ankalandirira chingwe m'boti mkuluyo akati gwira. Anzake anali otanganidwa, palibe amene anaona. Bouzian atatuluka m'madzi analandira kamera yake osanena kanthu, ndipo kuyambira pamenepo sanalankhulanenso. Allal ankakhulupirira kuti nkhope yake ili m'menemo, ngowe ili m'mwamba, ndipo tsiku lina ana ake adzaiona. Manyazi amenewo ndi amene anawasandutsa mkwiyo. Anati ngowe ija anaisiya pamiyala pomwepo, ndipo sanagwirenso ina.

"Akanangondiuza," anatero. "Mawu amodzi okha."

"Mukanawayankha moni, mwina akanakuuzani," anatero Tlaitmas. Sananene mwaukali. Anatenga katambula ka tiyi wozizira kaja n'kundipatsa kuti ndikabweretse wotentha.

Nditabwerera ndinapeza Louiza akulankhula, mkwiyo wake utasanduka kutopa. Ankati iye ankafuna anthu amenewo adzayankhe mlandu, ndipo tsopano mufilimu yonse nkhope ya munthu ndi imodzi yokha, ya bambo ake. Mayi ake anamuuza kuti bambo ake ankafuna kuphako kuthe, sankafuna maboti amangidwe. Allal anafunsa za mawu, poti pena mphepo ikadukiza pankamveka wina akuitana mnzake dzina. Louiza anati amenewo awafafaniza, ndi ntchito yaing'ono. Ndipo anawonjezera kuti zidutswa zonse zimene anazitaya azibwezeretsa, chala chilichonse chikhale pamalo pake.

Tlaitmas anazula kachingwe kaja yekha, n'kukankhira kabokosi kwa mlamu wake. Anati waona, tsopano akhoza kutenga monga analonjezera. Louiza anatsegula pakamwa, koma mayi ake anamugwira bondo.

Allal anakayang'ana kabokosiko nthawi yaitali. Kenako anakabweza ndi zala ziwiri mpaka kanagunda kompyuta.

"Ukamaliza kulumikiza, uyambe waionetsa padoko, m'nyumba ya khofi," anauza Louiza. "Ku Tangier upite pambuyo. Anthu aja ndikawauza zimene ndaona. Wosakhulupirira abwere adzaone yekha, koma ayambe wadya."

Ananyamula tiyi uja n'kumwa, akupsa naye milomo. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndikauze amayi awonjezere kusikusi, poti amuna a padoko akachita manyazi amadya kwambiri. Ndinaseka ndikulira, chinthu chimene sindikonda kuchita pamaso pa amuna. Ndinadzuka kuti ndizipita, poti dzuwa linali litapendeka ndipo miphika inali ikundidikira.

Koma Allal sanadzuke. Anapempha mwana wa mkulu wake kuti alumikizenso kachingwe, abweze paja iye akutembenuka. Louiza anabweza n'kuimitsa. Pagalasi panaoneka phewa la jasi lachikasu, kansonga ka khutu, ndi mdima wofiirira uja utaphimba pamene pakanakhala nkhope. M'mphepete mwa mdimawo, kuwala kukudutsa, munkaoneka kachipsera kakale ka chingwe cha ukonde.

Allal anapukuta dzanja pa jelaba yake. Anasendera pafupi, anatukula chala chake chamanthu, n'kuchigunditsa pagalasi mofatsa, pamwamba pa cha mkulu wake. Anachisiya pomwepo, ndipo ine ndinatseka chitseko pang'onopang'ono n'kupita kukaona moto.